Kugula Dodge Charger ya 1968 mpaka 1970: manambala, bodi ndi kusankha injini

Mwa magalimoto amphamvu a ku America a m'zaka za m'ma 1960, amene eni ake amawatcha muscle car, Dodge Charger ya 1968, 1969 ndi 1970 ndi imodzi mwa zimene anthu amalimbirana kwambiri. Ndi yaitali, ya zitseko ziwiri, nyali zakutsogolo zimabisala kuseri kwa tizitseko, ndipo galasi lakumbuyo linalowa m'kati pakati pa mapiko awiri a denga. Mu 1968 mokha Dodge inapanga pafupifupi 96,000. Zambiri mwa izo zinatuluka m'fakitale ndi injini wamba, koma pa zaka zoposa 50 zapitazi anthu akhala akuchotsa injini, kuika zina, kumata zizindikiro za R/T (mtundu wa Charger wa injini zamphamvu kwambiri) ndi kupenta mizere kumbuyo. Choncho zimene wogulitsa akunena ndi zimene galimotoyo inabadwa nazo sizigwirizana nthawi zonse, ndipo kusiyana kwake pa mtengo ndi kwakukulu zedi.

Musanaimbire aliyense foni, dzifunseni kuti galimotoyo muzichita nayo chiyani. Ngati mukufuna yoyenda nayo Loweruka ndi Lamlungu, kupita nayo ku ukwati kapena ulendo wa maola angapo, mukusaka bodi yabwino ndi injini yosavuta kusamala. Ngati mukufuna yosunga kuti mtengo wake uzikwera, ndiye kuti mukugula manambala ndi mapepala, ndipo kuyenda nayo kwambiri kukhala kudziluzitsa. Ambiri amafuna zonse ziwiri ndi ndalama yokwana chimodzi, n'chifukwa chake amagwera m'manja mwa ogulitsa zinthu zopentapenta.

Dziwani mainjini ake

Aku America amatchula injini ndi kukula kwake m'ma cubic inch. Yaing'ono kwambiri pa Charger inali 225 ya masilinda asanu ndi limodzi, yotchedwa Slant Six, ya 145 hp (horsepower, muyezo wa mphamvu ya injini). Ndi yolimba kwabasi koma thupi la Charger limailemera, ndipo ochepa okha ndi amene anaigula. Ena onse ndi ma V8, mainjini a masilinda asanu ndi atatu.

318, imene ndi malita 5.2, inkapereka 230 hp. Anthu amainyoza, koma imayaka m'mawa popanda kukangana nayo, imamwa petulo wamba, ndipo sipweteka thumba. Munthu amene wakopeka ndi maonekedwe a Charger osati liwiro asachite nayo manyazi. Komanso galimoto ya 318 kawirikawiri inali ya munthu wodekha, sinakokedwe pa mipikisano ya usiku, ndiye thupi lake limakhala losapindika.

383, ya malita 6.3, inalipo mitundu iwiri. Ya kabuleta ya mabowo awiri inali ndi 290 hp, ya mabowo anayi inali ndi 330 hp mu 1968 ndi 1969, kenako 335 hp mu 1970. Ine ndikaona munthu akugula Charger yake yoyamba, iyi ya mabowo anayi ndi imene ndimamulozera. Ndi injini yaikulu yeniyeni, kulira kwake n'komwe mukufuna, ikoka mwamphamvu kuyambira pansi, zipangizo zake zimapezeka mosavuta ku America, ndipo mtengo wa galimoto yake umatsika kwambiri poyerekeza ndi R/T pamene kusiyana kwake pamsewu wamba n'kochepa. Mukayenda pa liwiro lovomerezeka, simudzamva kuti pali chimene chikusowa.

440 Magnum, ya malita 7.2, ndi imene inkabwera ndi R/T popanda kuwonjezera ndalama: 375 hp ndi mphamvu yokokera ya 480 lb-ft. Mphamvu yokokerayo ndi imene imakukankhirani pampando mukangoponda pang'ono, osadikira kuti injini ikwere. Kabuleta ndi imodzi, mavavu sasowa kusinthasintha, makaniko aliyense wodziwa ma V8 akale amaikonza. Ngati thumba likulola, iyi ndiye injini yokwanira bwino pa galimoto imeneyi. Mu 1970 panabwera 440 Six Pack, ya makabuleta atatu a Holley ndi 390 hp. Poyenda mwachifatse imagwira yapakati yokha, ziwiri zam'mbali zimatseguka mukaponda mwamphamvu. Zikachunidwa bwino ndi yokoma kuyendetsa, koma kugwirizanitsa makabuleta atatu kumafuna munthu wodziwa, osati wongoyerekeza.

Pamwamba pa zonse pali 426 Hemi, malita 7.0, makabuleta awiri a Carter a mabowo anayi iliyonse, 425 hp ndi 490 lb-ft. Inachokera ku mipikisano ya liwiro la magalimoto ya ku America yotchedwa NASCAR, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo: imasangalala ikakwera kwambiri, koma m'tauni, pa liwiro lotsika, mapulagi ake amada msanga. Ya 1968 ndi 1969 imafuna kuti mipata ya mavavu izichunidwa ndi manja nthawi ndi nthawi, ya 1970 ndiyo inasiya vuto limeneli. Ndi yolemera kuposa 440, ndiye mphuno ya galimoto imalemera pokhota. Chaka chilichonse ma Charger a Hemi ankangopangidwa mazana ochepa, n'chifukwa chake mtengo wake umaposa wa 440 kutalitali. Kuchoka pa maloboti kufika pa ena, 440 yochunidwa bwino siisiyira mpata Hemi. Ndalama yowonjezerayo mukulipira kusowa kwake ndi mbiri yake. Dziwaninso kuti Hemi ndi Six Pack sizinkabwera ndi makina oziziritsa m'kati, choncho wina akakuuzani kuti yake inabwera nawo kuchokera kufakitale, yambani kukayika zonse zimene wanena.

Manambala a hp amenewa musawayerekeze ndi a magalimoto a lero. Nthawi imeneyo ankayeza injini ili yokha pa benchi, yopanda zambiri zimene imakoka ikakhala m'galimoto. Kuyambira 1972 njira yoyezera inasintha ndipo manambala anatsika. Petulo ndiye imamwa: 440 ndi Hemi zimayenda makilomita anayi kapena asanu pa lita, pamene thanki ndi ya magaloni 19, pafupifupi malita 72.

Werengani nambala musanakwere ndege

America ndi yaikulu, ndipo galimoto imene mwaiona pa masamba a pa intaneti ogulitsirapo magalimoto ngati Hemmings kapena Bring a Trailer ikhoza kukhala ulendo wa masiku awiri kuchokera kumene muli. Pemphani kaye zithunzi zooneka bwino za zinthu ziwiri: nambala yozindikiritsa galimoto yotchedwa VIN ndi kachitsulo kotchedwa fender tag.

VIN ya Charger ya zaka zimenezi ili ndi zilembo ndi manambala 13, pa kachitsulo kokhomedwa pa dashibodi mbali ya dalaivala, kooneka kudzera pa galasi lakutsogolo. Zinayi zoyambirira zimanena mtundu. XS29 ndi R/T. XP29 ndi Charger wamba mu 1968 ndi 1969, koma mu 1970 XP29 ndi Charger 500, mtundu wapakati pa wamba ndi R/T, ndipo wamba ndi XH29. Chilembo chachisanu ndiye injini, ndipo apa pamafunika maso chifukwa zilembo zinasintha. Mu 1968 ndi 1969, F ndi 318, G ndi 383 ya mabowo awiri, H ndi 383 ya mabowo anayi, L ndi 440, J ndi Hemi. Mu 1970, G ndi 318, L ndi 383 ya mabowo awiri, N ndi 383 ya mabowo anayi, U ndi 440, V ndi Six Pack, R ndi Hemi. Taonani L ameneyo: mu 1969 ndi 440, mu 1970 ndi 383 yofatsa. Choncho yang'anani kaye malo achisanu ndi chimodzi, pamene pali 8, 9 kapena 0 wa chaka, kenako mubwerere ku chilembo cha injini. Chachisanu ndi chiwiri ndi fakitale, B ya Hamtramck ku Michigan, G ya St. Louis ku Missouri.

R/T inkabwera ndi 440 kapena Hemi basi. Galimoto yokhala ndi zizindikiro za R/T koma VIN yake ikuyamba ndi XP29, kapena chilembo chake ndi cha 383, ndi yongoveka. Palibe cholakwa kuigula ngati wogulitsa wanena poyera ndipo mtengo ndi wa Charger wamba. Cholakwa ndi kulipira mtengo wa R/T. Chaka nachonso chimaoneka pankhope: ya 1968 ili ndi nyali zinayi zozungulira kumbuyo, ya 1969 ili ndi chogawa pakati pa mphuno ndi nyali zazitali kumbuyo, ya 1970 ili ndi bampa yonyezimira yozungulira mphuno yonse.

Fender tag ili pansi pa boneti, mbali ya dalaivala, yomangidwa ndi masikulu. Imasonyeza penti, mtundu wa mipando, injini, giyabokosi ndi zina zimene galimoto inapatsidwa. Chachitatu, ngati chilipo, ndi broadcast sheet, pepala limene ogwira ntchito m'fakitale ankatsatira pomanga galimotoyo n'kulisiya m'kati, kawirikawiri m'mawaya a pansi pa mpando wakumbuyo kapena pansi pa kapeti. Zinthu zimenezi n'zofunika kwambiri pa Dodge kuposa pa magalimoto ena. Pofuna zolemba za kufakitale, wogula Ford Mustang amaitanitsa Marti Report, wogula Pontiac GTO amafunsa a Pontiac Historic Services, koma zolemba za fakitale za Chrysler, kampani imene inkapanga Dodge, zimene zinasungika zimathera pa 1967. Carfax, kampani yopereka mbiri ya magalimoto, nayo singathandize chifukwa imawerenga ma VIN a zilembo 17 amene anayamba mu 1981. Umboni wonse uli pa galimoto pomwepo. Ma fender tag atsopano amasindikizidwa masiku ano, ndiye pa galimoto yodula ngati Hemi kapena Six Pack lipirani katswiri wa manambala a Mopar (dzina lotchulira magalimoto a Chrysler) kuti akaione. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungataye.

Wogulitsa amene akuzengereza kutumiza zithunzi ziwirizi, musiyeni.

Mukafika, yambani pansi

Nyamulani tochi, maginito ang'ono okulunga m'kansalu, sikuludiraiva ndi zovala zoti mugone nazo pansi. Panganani kuti galimoto ikwezedwe pa garaja, ndipo muuzeni mwini kuti asailize musanafike.

Penti yatsopano isakutengeni mtima, pajatu chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Charger ilibe chasisi yapayokha, bodi yomweyo ndiye msana wake, choncho dzimbiri la pansi limadya mphamvu ya galimoto yonse. Injini mukhoza kuitsitsa ndi kuika ina pa masiku ochepa, koma kudula ndi kuwotcherera zitsulo zovunda kumatenga miyezi, ndipo n'kumene ndalama zimathera anthu ambiri mpaka galimoto kukhala pa majeke zaka.

Malo oyamba ndi m'munsi mwa galasi lakumbuyo. Kukongola kwa galasi lolowa m'kati kuja kuli ndi mtengo wake: madzi amadikha m'ngodya, amaboola chitsulo, n'kutsikira m'buti. Ngati denga ndi lokutidwa ndi vinilo, yendetsani chala m'mphepete mwa galasi. Mukamva timatuza tokhukhuta pansi pake, dzimbiri lafika kale. Tsegulani buti, chotsani mphasa ndi tayala lapadera, walitsani tochi pansi ndi m'mbali momwe chitsulo chimatsikira kuseri kwa matayala. Kenako yendetsani maginito m'munsi mwa mapiko akumbuyo, m'munsi mwa zitseko ndi pansi pa bampa yakumbuyo. Pamene maginito akukana kugwira, pali phala lomata osati chitsulo.

Pansi pa galimoto, fufuzani mtanda wachitsulo umene wagwira mathero a ma torsion bar, ndodo ziwiri zazitali zimene zimagwira ntchito ya masipuling'i akutsogolo. Ubayeni ndi sikuludiraiva. Chitani chimodzimodzi pa njanji zakutsogolo, makamaka pomwe pamangidwa bokosi la chiwongolero, ndi njanji zakumbuyo pomwe pagwira masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira, chovunda chimafumbutuka. Phula lakuda lopaka chatsopano pansi ponse ndi chizindikiro choti mufunse mafunso ambiri. Funsaninso kumene galimoto inakhala moyo wake. Ku Michigan, Ohio ndi New York amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, pamene ya ku Arizona kapena kum'mwera kwa California imapsa penti ndi mipando koma chitsulo chimakhala chouma. Mipando yong'ambika ndi vuto laling'ono. Zitsulo zatsopano za bodi zilipo, kampani ngati Auto Metal Direct imapanga, koma chodula ndi mmisiri woziika.

Mukadali pomwepo, yang'anani manambala amene anadindidwa pa bodi penipeni, pa chitsulo chogwira radiyeta ndi m'mphepete mwa buti pansi pa labala. Ayenera kugwirizana ndi a pa fender tag. Onaninso misomali yogwira kachitsulo ka VIN ngati sinasokonezedwe. Kusamutsa VIN kuchoka pa galimoto ina ndi mlandu ku America, ndipo galimoto yotere ikhoza kulandidwa ili m'manja mwanu.

Tsopano injini

Mukatsegula boneti, maso okha akuuzani zambiri. Pa 318 distributor, chipangizo chimene mawaya a mapulagi amachokerapo, ili kumbuyo kwa injini, pa 383 ndi 440 ili kutsogolo, yopendekera. Hemi siisoweka: zivundikiro zake ndi zazikulu zakuda, ndipo mawaya a mapulagi amalowa pakati penipeni pa zivundikirozo. 383 ndi 440 zimafanana kwambiri, choncho pukutani kamalo kosalala kutsogolo kwa buloko, pafupi ndi distributor, muwerenge kukula kwake kumene kunadindidwa pamenepo. Kuti mudziwe ngati ndi injini yomwe galimoto inabadwa nayo, imene amati numbers matching, fufuzani mbali ya VIN yodindidwa pa buloko. Kuyambira 1969 imakhala m'munsi kudzanja lamanja, pamwamba pa sampu. Giyabokosi nayo ili ndi yake. Injini yosinthidwa si vuto kwa woyendetsa, koma itsitse mtengo.

Gwirani injini mutsimikize kuti ndi yozizira. Tulutsani ndodo ya oyilo: wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa. Mwini ailize inu mutaima kumbuyo. Utsi wabuluu umene ukutha pakangopita kanthawi umaloza malabala a mavavu, umene sukutha umaloza maring'i. Mvetserani kugogoda kwakuya kwa pansi, ndipo ikatentha onani ngati mphamvu ya oyilo sikugwa kwambiri injini ikamalira yokha. Makaniko ayeze kompuresheni pa masilinda onse asanu ndi atatu, manambala ake akhale oyandikana. Isiyeni ilire mphindi 20 pamalo amodzi muone ngati siwira, chifukwa mainjini aakuluwa m'misewu yodzaza ndi pamene amaonetsa khalidwe lawo. Mwini akati injini inakonzedwa yonse, pemphani malisiti a kumene inakonzedwako.

Poyendetsa, giyabokosi yodzisintha yokha ya TorqueFlite 727 iyenera kulowa giya mwamsanga ndi mwamphamvu, osaterereka. Ndi yolimba kwambiri ndipo woyenda m'tauni adzaikonda. Ya manja ya magiya anayi, A833, imakweza mtengo ndipo kilatchi yake ndi yolemera. R/T ya magiya anayi inkabwera ndi difu yaikulu ya Dana 60, ndiye mukaipeza ili ndi ina, funsani chifukwa. Mabuleki musayembekezere zambiri. Zambiri zinabwera ndi madiramu mawilo onse, ndipo pa galimoto yolemera chonchi amatopa msanga potsetsereka. Kuika madisiki kutsogolo ndi chinthu chimene ine ndingachite ngakhale okonda za chiyambi atadandaula, bola zochotsedwazo zisungidwe.

Mapepala ndi ndalama

Pepala la umwini, limene amati title, likhale m'dzina la amene akukugulitsaniyo, ndipo VIN yake ifanane ndi ya pa dashibodi chilembo ndi chilembo. Madera ena sapereka title pa magalimoto akale. New York, mwachitsanzo, imagwiritsa ntchito pepala la kalembera losamutsika pa magalimoto a 1972 kubwerera m'mbuyo, choncho funsani ofesi yolembetsa magalimoto, imene ku America amati DMV, ya kumene mukukhala kuti ikalandira chiyani. Pa mtengo, yerekezani ndi mitengo ya Hagerty, kampani ya inshuwalansi ya magalimoto akale imene imagawa magalimoto m'magulu anayi malinga ndi mmene alili, komanso ndi mitengo imene ena anagulitsidwadi osati imene eni akupempha. Misika yogulitsa mopikisana mitengo ya Mecum ku Kissimmee ndi Barrett-Jackson ku Scottsdale, yonse ya mu January, ndi yabwino kukaphunzirako, koma kumbukirani kuti wogula amawonjezera peresenti ya msika pamwamba, ndipo nthawi yogona pansi pa galimoto siipezeka. Musatumize ndalama pa galimoto imene inu kapena munthu wanu sanaigwire ndi manja. Ndipo musathere ndalama yonse pogula, siyani gawo lina la zokonza za chaka choyamba, chifukwa zidzapezeka ndithu.

Amene akufuna kuitulutsa m'dzikomo adziwe kuti a kasitomu a ku America amafuna kuona pepala la umwini maola 72 galimoto isananyamuke. Chiwongolero chake chili kumanzere, pamene ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Britain timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye kupitirira lole kumafuna wina wokuonerani kutsogolo. Funsani a msonkho ndi a zamsewu a dziko limene ikupita musanalipire kalikonse, chifukwa malamulo a magalimoto otere amasiyana dziko ndi dziko.

Ikafika pakhomo, musathamange nayo. Yambani ndi mawaya. Pa magalimoto a Chrysler a nthawi imeneyi magetsi onse ochaja batire amadutsa pa cholumikizira cha pakhoma la kuseri kwa injini n'kukafika pa geji ya pa dashibodi, ndipo malo amenewa akachita dzimbiri amatentha mpaka kuyatsa moto. Wamagetsi awaone, ndipo chozimitsira moto chikhale m'galimoto. Sinthani mapaipi onse a labala a petulo ndi ena opirira ethanol, amene ali m'petulo wambiri wa ku America, ndipo ku Malawi wakhala akusakanizidwa kuyambira 1982. Thirani oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, chifukwa camshaft ya mainjini akalewa imadyeka ndi oyilo wa magalimoto a lero. 440 ndi Hemi zipatseni petulo wapamwamba, ndipo mukamva kulira kwa ngwingwi pokwera mtunda, makaniko abweze taimingi pang'ono. Onani chaka chimene matayala anapangidwa ngakhale akuoneka atsopano, chifukwa ambiri amakalamba galimoto ili chiimire. Pomaliza gulani ballast resistor yapadera, kachipangizo koyera kadothi kokhala pakhoma la kuseri kwa injini, muiike m'kabokosi ka pa dashibodi pamodzi ndi sipanala yake. Ikapsa, injini imalira mukapotoza kiyi n'kuzima mukangomusiya, ndipo kuisintha ndi ntchito ya mphindi zisanu m'mbali mwa msewu.